Kaseti ya Achemwali ndi Mabatire Otha

Chaka chimene achemwali anga anakwatiwa ndinali mu Fomu 2, ndipo pa boma la Nkhotakota nyimbo zinali zitachuluka kuposa kale lonse. Matipate anali atangoyamba kumene. Makaseti ankabwera ndi madalaivala a malole ochokera ku Tanzania, ena ankatsika pa sitima ya panyanja m'zikwama za amalonda, ndipo panalibenso munthu wotsitsa wailesi poopa kuti mwina nyimbo ili mkatiyo ndi yoletsedwa. Ukamachoka pa depoti kupita ku msika unkadutsa rumba ya ku Zaire, kenako rege, kenako kwaya, mpaka kukafika pogulitsa usipa khutu lisanapume.

Amalume athu, alongo awo a amayi, anali ndi okala ya makaseti pafupi ndi depoti. Munali tebulo, wailesi yaikulu yolowa makaseti awiri imene ankakoperera nyimbo, ndi kabati yagalasi. Sipika ankaikoleka mu mtengo wa mango panja. Makaseti ambiri ankakhala m'katoni pansi pa tebulo, ndipo m'galasi munkalowa okhawo amene amalume anawamvera okha mpaka kumapeto n'kukhutira nawo. Ankati munthu akagula ya m'katoni wadzisankhira yekha, koma akagula ya m'galasi ndiye kuti wakhulupirira khutu lawo. Ya oimba a kwathu kuno munalibe ngakhale imodzi. Oimbawo analipo, koma kojambulira kunali ku Blantyre, ndipo ambiri a iwo ngakhale ku Salima anali asanafikeko.

Bandi imene inkadziwika pa bomapo inali ya amisiri ena okhoma mabwato. Iwo ankaimba babatoni, chigitala chachikulu cha chingwe chimodzi chimene woimba amachita kuchikhalira. Panali wang'oma, amene ng'oma zake zinali za zikopa za mbuzi ndi zitsekerero za mabotolo zotungidwa pa waya, ndiponso mnyamata wa ku Liwaladzi amene anali ndi gitala yamagetsi yokhayo m'dera lonse. Lamlungu masana ankaimba kuseri kwa resitihausi ina, m'bwalo lotchingidwa ndi mpanda wa bango. Ankaimbanso pa maukwati ndi pa misonkhano ya ndale, ya chipani chilichonse chimene chawaitana. Wang'oma uja ankayenda ndi nsalu za zipani zitatu m'chikwama chimodzi, ndipo asanatulutse ankayamba wafunsa kuti lero tabwerera ndani.

Achemwali anali atasiya sukulu ndipo ankagulitsa zitumbuwa pansi pa mango womwe uja. Nyimbo iliyonse yotuluka m'sipika ankaiimba motsatira, ngakhale ya chilankhulo chimene sankachimva. Amisiri aja anawamva tsiku lina akudikira basi, nabwera kwathu kudzawapempha kwa abambo. Abambo anali atelala, anthu osalankhulalankhula. Anati akaganiza, napita ku mzikiti, ndipo pobwera anavomera ndi mfundo zawo: aziimba dzuwa lili kunja, mpango usachoke kumutu, ndipo ine, mng'ono wawo, ndizipita nawo kulikonse. Choncho Lamlungu lililonse ndinkakhala pa kireti kumbuyo kwa wang'oma, buku la Jogalafe lili pamiyendo, osawerenga ngakhale tsamba limodzi. Madzulo ndinkalemba m'dayale yanga zonse zimene ndaona, ndipo ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti tsiku lina achemwali adzamveka pa wailesi ya boma.

Mawu awo sanali okwera. Anali otsikirapo, odekha, ndipo akayamba kuimba anthu ovina ankachepetsa liwiro kuti amve zimene akunena.

Kenako kunabwera za ukwati. Mwamunayo anali mphunzitsi ku Dwambazi, munthu wabwino ndithu, ndipo sanaletse kuimba. Kungoti ku Dwambazi kunalibe bandi. Nthawi yomweyo mnyamata wa gitala anapeza ntchito ku minda ya nzimbe ku Dwangwa, ndipo ankayembekezeka kunyamuka ukwatiwo usanachitike. Aliyense ankaona kuti bandi ikutha, ngakhale panalibe wonena.

Tsiku lina tikuchapa, achemwali anandiuza zimene zinali mumtima mwawo. Anati sakudandaula kupita ku Dwambazi, koma akufuna akamachoka asiye kaseti ya mawu awo m'galasi la amalume, pakati pa za ku Zaire zija, kuti munthu wotsika basi aziiona. Anandipempha kuti ndikawanenere ineyo, poti iwo ankachita manyazi ndi amalume, amenenso anali ankhoswe a ukwatiwo.

Amalume anandimvetsera akupukuta mitu ya wailesi ndi kathonje. Anati kujambula ajambula, kwaulere, koma za galasi sangalonjeze.

"Ikamveka bwino ilowa. Ikapanda kumveka bwino, ngakhale akhale mwana wa mlongo wanga, ipita m'katoni."

Ndinawauza achemwali mawu amenewa mmene analili, ndipo anati n'zoona, nawonso sakanafuna kulowamo chifukwa cha chibale.

Malo ojambulira anavuta. Pa depoti panali phokoso la mabasi, ndipo ku resitihausi malata ankabweza mawu. Amisiri ndiwo anakumbukira nyumba yosungira mpunga pa chigayo cha mnzawo, njira ya ku Bua. Anati analowamo tsiku lina n'kutsokomola, ndipo chifuwacho chinangothera m'matumba osabwerera. Vuto linali lakuti kumeneko kunalibe magetsi, chigayocho chinali cha dizilo. Amalume anabwereka batire la galimoto kwa bambo wina woonetsa mafilimu, amene anawatsimikizira kuti lili ndi moto wokwanira. Gitala inali ndi kabatire kakekake.

Tinapita Loweruka m'mawa pa matola, ng'oma zili pamiyendo. M'nyumbamo munali mdima pang'ono ndi fungo la mankhusu, matumba ataunjikidwa mpaka kudenga. Maikolofoni inali imodzi. Amalume anaimangirira ndi chingwe pa mtanda wa denga, nayamba kusuntha anthu. Achemwali anawaimika pafupi kwambiri, wagitala kumbuyo kwawo, amisiri pambali, ndipo wang'oma anamukankhirakankhira mpaka anakafika pakhomo, mwendo umodzi uli panja. Iye anati ngati afuna akaimbire ku Bua kwenikweniko angonena. Ine anandipatsa ntchito yothamangitsa nkhuku.

Munthu mmodzi akalakwitsa, nyimbo yonse inkayambiranso. Fumbi la mankhusu linkayetsemulitsa amisiri, ndipo nyimbo yachiwiri anaibwereza kambirimbiri chifukwa cha zimenezo. Koma pofika masana mbali zonse ziwiri za kaseti zinali zitadzaza. Nyimbo yomaliza inali ya achemwali eniake, imene anaipeka akupirikitsa mbalame m'munda wa mpunga, yoyenda pang'onopang'ono, gitala ndi mawu basi. Amalume anabweza kaseti pang'ono kuti timve pomwepo, ndipo inamveka monga mmene anaimbira. Tonse tinakondwa. Achemwali anangokhala pa thumba akumwetulira. M'mawa mwake mnyamata wa gitala anakwera basi ya ku Dwangwa, gitala ili kumsana.

Lolemba ndikuweruka ku sukulu ndinadzera pa okala. Amalume anali atadikira kuti ndifike, ndipo anaitana achemwali kuti asiye kaye beseni la zitumbuwa. Analowetsa kaseti m'wailesi ija, tsopano ili pa magetsi, natsegulira sipika ya mu mtengo kuti depoti yonse imve.

Zimene zinatuluka sizinali zimene tinamva ku chigayo. Nyimbo inkathamanga ngati ikuthawa mvula. Babatoni ya amisiri inkalira ngati banjo, ndipo mawu a achemwali anali a kamwana ka Sitandade 1. Kondakitala wina amene anali kudya chinangwa pafupi anafunsa ngati amalume ayamba kujambula ana a mkaka. Anthu anaseka, osati mwankhanza, poti sankadziwa kuti woimbayo waima pomwepo. Amalume anazimitsa msanga.

Kenako anatifotokozera. Batire lija linali litatopa ndi mafilimu. Moto ukachepa wailesi imazungulitsa kaseti pang'onopang'ono, ndipo inajambula ikuyenda choncho. Ku chigayo inamveka bwino chifukwa tinaimvera pa batire lomwelo. Pa magetsi kaseti ikuyenda pa liwiro lake lenileni, ndiye zonse zakwera. Ndinafunsa ngati sitingabwerekenso batire lija, koma mwini wake anali atalitumiza kale kotchaja. Kujambulanso sikukanatheka, gitala inali ku Dwangwa, ndipo achemwali anali pafupi kulowa m'nyumba kuti amayi akuluakulu ayambe kuwalangiza za banja.

Achemwali anafunsa ngati ingalowebe m'galasi. Amalume anapukusa mutu osawayang'ana. Achemwali anati chabwino, nabwerera pa beseni lawo, ndipo ndinawaona akupatsa munthu zitumbuwa ngati palibe chachitika. Kasetiyo anandipatsa ine, nati ndikaisunge kapena ndikajambulirepo zina.

Kunyumba abambo anali ndi kawailesi kawo kakang'ono kolowa kaseti imodzi, kamene kankakhala pafupi ndi makina osokera. Mabatire ake sankawataya msanga. Akatha ankawayanika padzuwa pa denga la khitchini, nthawi zina kuwamenyamenya ndi chogwirira cha sizasi, n'kuwabwezeramo. Tsiku lotsatira, abambo atapita kukaswali masana, ndinalowetsamo kaseti ija. Sindinkayembekezera chilichonse, ndinkangofuna kumva nyimbo ya mbalame ija ngakhale ili yothamanga.

Kawailesi kanayamba kukoka mwaulesi monga mwa masiku onse, ndipo babatoni inatuluka ili babatoni. Amayi anali kuseri akupeta mpunga wa paukwati. Ndinamva lichero lasiya kulira, kenako anasuzumira pakhomo nafunsa kuti kodi mkulu wako akuimbira kuti, suja ndamusiya kuchipinda. Mawu anali akadali okwererapo pang'ono, koma anali a achemwali.

Ndinathamanga nako kawailesiko mpaka ku depoti, yunifolomu ndisanavule. Amalume anamvetsera diso limodzi atatsinzina. Anati nzeru ilipo: kasetiyo iziimbira m'kawailesi ka mabatire otha, mawu azidutsa pa waya kulowa m'wailesi yaikulu imene ili ndi moto wokwanira, ndipo ijambule pa kaseti yatsopano. Chovuta chinali kudziwa kuti mabatirewo athe kufika pati. Akatha kwambiri nyimbo imira, akatsala ndi moto ithamanga. Ndiponso batire la galimoto lija linkapitirira kufooka pamene tinkajambula ku chigayo, kotero nyimbo iliyonse inkafuna mabatire akeake. Chida choyezera analibe. Anati muyezo wokhawo umene ulipo ndi khosi la mwini wake wa mawuwo, aziimba pamodzi ndi kasetiyo mpaka mawu awiriwo akumane.

Koma mwini wakeyo anali atalowa kale m'nyumba. Masiku amenewo mkwatibwi satuluka kupita ku depoti, ndipo azakhali athu, alongo awo a abambo, anali atabwera kuchokera ku Liwaladzi kudzaonetsetsa zimenezo. Amalume anati ngati ndi choncho okala ndiyo ipite kwa mkwatibwi.

Ntchito yanga inali yosonkhanitsa mabatire otha. Ndinayenda nyumba ndi nyumba ndi kabeseni. Anthu ankaseka. Mayi wina woyandikana nafe anati paukwati anthu amapempha mbale ndi mipando, ife tayamba zachilendo. Mlonda wa pa sitolo ina anakhuthula tochi yake, asodzi anandipatsa a m'mawailesi awo ochita dzimbiri ndi chinyezi, ndipo shehe wa pa mzikiti wathu anatulutsa awiri m'thumba la mkanjo, nati sakufunsa kuti ndi a chiyani. Ena anali otupa, ena akutuluka zoyera, ndipo amenewo amalume anawataya.

Anafika kwathu Lachinayi masana, wailesi yaikulu ili paphewa, batire la galimoto lija, tsopano lodzaza, lili pa njinga. Pabwalo panali amayi ambiri, ena akusankha mpunga, ena akusenda anyezi. Azakhali anaima pakhomo.

"Ankhoswe, katundu ameneyu akupita kuti?"

"Ndabwera kudzalangiza mwana, alamu."

"Malangizo ake a pa waya?"

"A masiku ano amalowa bwino choncho."

Azakhali anayang'ana abambo, amene anali pa makina akusoka diresi la ukwati. Abambo sanadzutse mutu, anangoti dzuwa likadali kunja. Azakhali anapatuka, koma anati mpunga ukangopsa iwo akulowa, kaya nyimbo yatha kaya sinathe.

M'chipinda chathu munali mphasa, sutikesi yatsopano ya achemwali ndi zenera laling'ono. Amalume anayala mabatire pa mphasa m'magulu, otheratu uku, otsala pang'ono uku, nalumikiza mawailesi awiri aja. Achemwali anakhala mwendo uli wotambasula, atafunda chitenje. Poyamba ankakana, ankati zatha kale zimenezo, asavutike. Amalume anangotsegula kawailesi.

Nyimbo yoyamba itayamba, achemwali anamvetsera pang'ono, kenako anayamba kuimba motsitsa. Mawu a m'kaseti anali pamwamba pa awo. Anakweza chala. Amalume anachotsa batire limodzi naikamo lofooka. Tsopano kaseti inapita pansi, ndipo achemwali analoza pansi. Anasinthanso. Ankasintha limodzilimodzi, nthawi zina kungolitembenuza kapena kulifinya ndi mano, achemwali akuyambiranso mzere womwewo osatopa. Ine ndinkabweza kaseti ndi bolopeni kuti tisawononge moto wa mabatire.

Ndiye panafika pamene chala sichinakwere ndipo sichinatsike. Ndinayang'ana pakamwa pa achemwali, ndinayang'ana kawailesi, osadziwa kuti mawu akuchokera kuti. Amalume anabweza kaseti poyambira, anatikodola kuti tikhale chete, nadina batani lofiira.

Tinachita chimodzimodzi ndi nyimbo iliyonse. Zina zinkakumana msanga, zina zinkavuta. Kunja amayi aja anali atachepetsa macheza, ndipo nyimbo ina ya paukwati itafika ndinamva ena akuyankhira chapansipansi. Mulu wa mabatire unkachepa, poti amene agwira nyimbo imodzi sankathanso kugwira ina.

Pofika pa nyimbo ya mbalame tinali titatsala ndi ochepa, ndipo fungo la mpunga linali litayamba kulowa pazenera. Amalume anasakaniza amene analipo. Mwamwayi anakumana pa kuyesa kwachiwiri, ndipo anadina batani. Ndime yoyamba inayenda bwino, yachiwirinso. Pa ndime yomaliza kawailesi kanayamba kugonja. Gitala inatsika, mawu a achemwali anatsika nayo, akukoka, akunjenjemera pang'ono, mpaka mzere womaliza unatuluka ngati ukuimbidwa ndi mayi wokalamba. Kenako kaseti inaima yokha.

Amalume anapukuta thukuta nati tibwereze, ine ndithamange ndikafunefune ena. Pomwepo azakhali anagogoda.

"Isiyeni choncho, amalume," anatero achemwali. "Ndikadzakalamba ndizidzaimba momwemo. Bola ndadzimveratu."

"Ukudziwa kuti yomalizayo ikhoza kuigwetsera m'katoni?"

"Ndikudziwa. Mukaimvere nokha, mukaweruze mmene mumaweruzira zinazo."

Amalume anamanga mawaya awo natuluka, ndipo azakhali analowa ndi amayi ena awiri, nanditulutsa inenso.

Ukwati unachitika bwino, ndipo za kaseti panalibe anazitchula. Amalume anali otanganidwa ndi za unkhoswe, ndipo ine ndinkaopa kufunsa. Okala inakhala yotseka mpaka alendo atabalalika. Amisiri ndi wang'oma anaimba pa phwando popanda gitala, achemwali atakhala pa mpando mutu uli pansi monga amachitira akwatibwi, koma ndinaona chala chawo chakuphazi chikuyenda.

Tsiku lonyamuka tinawaperekeza ku depoti m'mawa, ine nditavala kale yunifolomu. Katundu anakwezedwa pa matola ya ku Dwambazi, sutikesi, mphasa, thumba la mpunga ndi mbale za mphatso. Alamu athu atsopano anali kukambirana ndi dalaivala za malo a kutsogolo. Amalume anali atatsegula okala, ndipo anatiitana ndi dzanja.

Kaseti inali m'galasi, pa shelefu yapakati. Chikuto chake chinali kapepala koyera kodulidwa ku katoni ya sopo, ndipo amalume anali atalembapo okha dzina la bandi ndi la achemwali ndi zilembo zikuluzikulu zopendekeka. Anati anaimvera kawiri. Nyimbo yomaliza ili ndi chilema, ndipo aliyense wogula azimuuziratu asanapereke kanthu. Koma zinazo, anatero, palibe wa ku Zaire angawauze kanthu.

Achemwali anawerama nayang'ana m'galasimo nthawi yaitali, manja ali kumbuyo. Kenako anapempha chinthu chimodzi, kuti asaiike pa sipika mpaka galimoto itachoka, poti apongozi awo aakazi anali atakhala kale m'matolamo ndipo sankadziwa kuti aziyang'ana kuti. Amalume anavomera. Achemwali anandigwira paphewa, anandiuza kuti ndizilimbikira sukulu ndiponso ndiziwathandiza amayi kutunga madzi, nakwera.

Matola itakhota kulowa mu msewu waukulu, amalume anatulutsa kasetiyo nailowetsa m'wailesi. Babatoni inayamba, kenako gitala, kenako achemwali. Mayi wina amene anali kumanga mtolo wa nsomba zouma anafunsa kuti woimbayo ndi wa kuti, ndipo amalume anati ndi wa pompano, ankagulitsa zitumbuwa pamene mwaimapo. Anandiuza kuti ndikaweruka ndidzere, ndidzalembe zikuto za makope ena poti zilembo zawo n'zoipa. Ndinati ndidzera. Belu la ku sukulu linali litalira kale, koma ndinaima pansi pa mango mpaka mbali yoyamba itatha, ndipo tsiku limenelo ndinasesa kalasi chifukwa chochedwa.